Ndikufuna kutsikira ku chigwa ndekha, kodi ndikafika bwino?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Blantyre. Dzina ndalisunga monga anapemphera. Wapeza kampamba ndipo akufuna kuyamba kukapikula nsomba zouma ku chigwa cha Shire, ku Bangula ndi ku Nsanje, kuti azidzagulitsa m'tauni. Mnzake amene anapangana kuti adzapitira limodzi wabwerera m'mbuyo. Kupatula kufunsa za anthu oipa ndi za chovala, anandilembera kuti: "Chibadwire sindinatsikeko phiri la Chikwawa, Chisena sindimva, ndipo amayi akukana kwamtuwagalu, akuti mkazi sayenda yekha ndi ndalama kudera lachilendo. Kodi ndipite kapena ndiwamvere? Ndipo ndikapita ndidzisamale bwanji?"

Achemwali, pitani. Ndayamba ndi yankho chifukwa zimene ndilembe m'munsimu zikhoza kumveka ngati ndikukuopsezani, pamene cholinga changa n'choti mupite, mukagule makakana ndi milamba yanu, mubwere bwino, mudzapitenso. Kwathu ndi kufupi ndi Nchalo, ndipo msewu umenewu ndauyenda ndekha kwa zaka zoposa 15. Amayi anunso sakulakwa. Akuopa mwana wawo kukhala munthu amene palibe akumudziwa kumene ali, amene atasowa palibe angafunse. Zimenezo ndiye zoopsadi. Koma munthu akhoza kuyenda yekha ali wodziwika, ndipo ku chigwa kudziwika n'kosavuta ngati wafika kukuwala, n'kupereka moni kwa eni dera.

Tiyambe ndi nthawi, chifukwa mavuto ambiri amene ndakumana nawo pa msewu uwu anayamba ndi kunyamuka mochedwa. Kuchoka ku Blantyre kukafika pa boma la Nsanje ndi makilomita pafupifupi 180 pa msewu wa M1. Munthu akamva nambala imeneyi amati ndi ulendo wa maola atatu. Pa minibasi sizitero. Idikire kudzaza, itsike phiri mokhotakhota, iime pa rodibuloko ya pa Thabwa, iwoloke Shire pa mlatho wa Kamuzu, iime pa Dyeratu, pa Nchalo, pa Ngabu, ndi paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Ndiye palinso kugulitsidwa: anthu akachepa, kondakitala amakusamutsirani m'galimoto ina, ndipo inayo nayonso iyamba kudikira kudzaza.

Chaka china ndinachoka m'tauni cha m'ma 3 koloko masana, ndikupita kumaliro a azakhali anga cha ku Tengani. Kondakitala analumbira kuti galimoto ikafika ku Nsanje. Pofika pa Bangula inali 8 koloko usiku ndipo tinatsala anthu anayi. Dalaivala anazimitsa injini n'kunena kuti sangawotche mafuta chifukwa cha anthu anayi, tidikire ina. Inayo sinabwere. Magetsi anali atathima. Bambo wina amene ndinakwera naye anayamba kundiyandikira, akuti, "Asisi musavutike, ine ndili ndi chipinda pompano." Ndikasuntha, iyenso asuntha. Chikwama changa anachigwira kale lamba ngati akundithandiza.

Patsidya pa msewu panali mayi wachikulire amene ankakazinga nsomba, kanyali kali pambali pa chiwaya. Sindinamuonepo chibadwire. Anangokuwa, "Mwana wanga, wachedweranji chonchi? Tabwera kuno, takhala tikukudikira!" Bambo uja anasiya lamba. Usiku umenewo ndinagona pa mphasa pakhonde la mayiyo pamodzi ndi zidzukulu zake ziwiri, neti atamangirira pa nsanamira, poti m'nyumba munali motentha ngati mu uvuni. M'mawa ndalama anakana. Ndinamugulira paketi ya shuga, ndipo imeneyo analandira ndi manja awiri.

Kuyambira tsiku limenelo ndimanyamuka ndi galimoto yoyamba ya m'mawa, ndipo 4 koloko ikamakwana ndimakhala ndafika kumene ndigone. Ku chigwa dzuwa likalowa cha m'ma 6 koloko mdima subwera pang'onopang'ono, umangogwa. Ngati mwaona kuti nthawi yakutherani muli pa Nchalo, gonani pa Nchalo, ulendo mupitirize m'mawa. Ndipo paliponse pamene mwatsika, maso anu ayambe afunafuna amayi ogulitsa malonda. Iwo amakhala pamalo amodzi tsiku lonse, amadziwa wa kabaza wokhulupirika ndi wakuba, amadziwa mnyamata woitanira amene waledzera kale, amadziwa malo ogona amene mkazi angagone mwamtendere. Gulani kanthu, ngakhale nthochi ziwiri, perekani moni, kenaka funsani. Safunsa anadya phula.

Za Chisena musadandaule. Ku Chikwawa kuli Amang'anja ambiri ndipo mudzamvana nawo bwinobwino, komanso ku Nsanje Chichewa chimamveka pa msika uliwonse. Komabe nyamulani mawu awiri: "mwacherwa" popereka moni wa m'mawa, ndi "takhuta" pothokoza. Mudzaona nkhope ya mayi amene amakuyang'anani mokayika ikumasuka.

Poti mukupita kukapikula, ulendo woyamba musauyese wopanga phindu. Uyeseni wopeza munthu. Musananyamuke pitani kumene amagulitsa nsomba zouma pa msika wa Limbe kapena wa Blantyre, mufunse amayi amene amaoda ku chigwa. Ena adzakubisirani, poti ndi malonda, koma pa amayi khumi mmodzi adzakupatsani nambala ya mnzake wa ku Bangula, n'kukuuzani tsiku la msika ndi mtengo umene ulipo. Munthu ameneyo mumuimbire musanakwere galimoto. Mukafika, akakuonetseni kwa tcheyamani wa msika kapena wa pa doko, ndipo ngati mukulowa m'mudzi, kwa amfumu. Anthu a m'tauni amaona ngati uku n'kutaya nthawi. Kumbukirani 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufalikira m'maboma ena a kum'mwera: ena mwa anthu amene anavulazidwa ndi kuphedwa anali alendo amene palibe ankadziwa chimene adzera. Zinthu zotere sizichitika tsiku ndi tsiku, koma mudzi uliwonse umachita mantha ndi nkhope yachilendo yongozungulira ndi chikwama. Mphindi khumi zokhala pa mphasa kwa amfumu zimakusandutsani mlendo wa mudzi wonse, ndipo wokuputani amadziwa kuti aputa amfumu.

Kabaza ndiye miyendo ya ku chigwa. Dziko ndi lathyathyathya, choncho njinga zakapalasa n'zambiri, ndipo masiku ano zamoto zachulukanso. Kwerani wa pa siteji, amene anzake amuona akunyamuka nanu, osati wongokuimikani panjira. Koposa zonse, mayi wa pa msika uja akuitanireni wake. Mtengo mugwirizane musanakwere. Njinga zamoto zambiri zilibe nambala, ndiye ine ndimafunsa dzina lake anzake akumva, n'kuimba foni iye ali pomwepo: "Ndakwera ya auje, tikunyamuka pa Ngabu tsopano, ndifika pakatha theka la ola." Woona mtima sakhumudwa nazo. Akafuna kukwezanso mwamuna wina kumbuyo kwanu kuti inu mukhale pakati, kanani, ngakhale zitatanthauza kulipira malo awiri. Akati pali njira yachidule yodzera m'minda ya nzimbe kapena m'tchire, muuzeni kuti mukufuna msewu umene umadutsa m'midzi. Minda ya nzimbe ya ku Nchalo ndi yaikulu, nzimbe zikakula zimapitirira mutu wa munthu, ndipo m'timisewu ta m'kati mwake mukhoza kuyenda nthawi yaitali osakumana ndi munthu. Mtima ukagunda kuti china chake sichili bwino, musadikire umboni. Pa grosale yoyamba kapena pa mjigo pamene pali amayi nenani kuti mukufuna madzi, mutsike, mulipire, musakwerenso.

Ndalama zambiri zikhale mu foni, ku Airtel Money kapena ku Mpamba, ndipo muzitapa pang'onopang'ono malinga ndi zimene mukugula tsiku limenelo. Dziwani kuti ejenti wa kumalo aang'ono nthawi zina amakhala alibe ndalama zokwanira, ndiye tapani pamalo aakulu monga pa Nchalo kapena pa Bangula, masana, mkati mwa shopu. Zimene mwatapazo muzigawe patatu: za transipoti ndi chakudya m'kachikwama kam'manja, za malonda m'kathumba ka m'chiuno mkati mwa zovala, ndi zobwerera kunyumba pamalo ena pamene simukhudza ngakhale nsomba zitatsika mtengo bwanji. Kumangirira zonse pa nsonga ya chitenje n'kumene wakuba aliyense amayamba kuyang'ana. Ine ndimanyamulanso kafoni ka mabatani, poti batire lake limakhala masiku, ndipo manambala ofunika ndimawalemba papepala. Chiphaso cha unzika chisasowe m'thumba. Kuyambira pa Chiromo kutsika, tsidya lina la Shire ndi Mozambique, ndipo munthu akhoza kukwera bwato kutsata nsomba zotchipa n'kupezeka ali m'dziko la eni opanda chikalata chilichonse. Wofuna kulowa ku Mozambique amadzera pa chipata cha Marka ndi mapepala ake.

Malo ogona asankheni kukuwala. Resitihausi imene yagundizana ndi bala isiyeni ngakhale itchipe, chifukwa usiku anthu oledzera amagogoda chitseko chilichonse, ndipo pali ena amene amaganiza kuti mkazi wogona yekha pamalo otere akudikira kasitomala. Musanalipire lowani m'chipinda, muyese mpiringidzo wa mkati, muone ngati zenera lili ndi zitsulo, muone neti. Za zenera ndikunenetsa chifukwa cha kutentha: pakati pa usiku thukuta likamayenderera, dzanja limapita lokha kukatsegula chitseko kuti kamphepo kalowe. Zenera la zitsulo limakulolani kupuma chitseko chili chotseka. Wina akagogoda usiku n'kunena kuti ndi wa pomwepo, muyankheni chitseko chili chitsekere kuti mukambirana m'mawa. Ndipo ngati mumapemphera, pemphani kalata kumpingo kwanu. Amayi a chigwirizano kapena a mvano a kumeneko adzakupezerani pogona pabwino kuposa resitihausi iliyonse.

Tsopano ndifike pa chimene anthu a kumtunda amachiiwala. Inu mwandifunsa za anthu oipa, koma ku chigwa chimene chatenga miyoyo yambiri ndi madzi. Madzi a ku chigwa ndi mvula ya kwina. Ruo amachokera ku phiri la Mulanje n'kudzathira mu Shire pa Chiromo. Mwanza amatsika kuchokera kumapiri a kuzambwe n'kudutsa M1 pakati pa Chikwawa ndi Nchalo. Timitsinje ta ku East Bank, tsidya la kum'mawa kwa Shire, timagwa kuchokera kumapiri a Thyolo. Choncho kumwamba kukhoza kukhala kuli mbee, dzuwa likuswa mtengo pa Bangula, koma mtsinje umene munauwoloka m'mawa uli mchenga wokhawokha, pobwerera masana n'kuupeza ukukokolola mitengo. Mu Januwale 2015 madzi anazinga midzi ya ku Makhanga. Mu Malichi 2019 kunabweranso chigumula. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anadula M1 ku Chikwawa n'kuononga damu la magetsi la Kapichira, ndipo wa Freddy mu Malichi 2023 tonse tikumukumbukira. Ngati ulendo wanu woyamba ungadikire, upangeni pakati pa Meyi ndi Ogasiti, kukuzizira, mitsinje itaphwera. Ngati mukuyenda pakati pa Disembala ndi Malichi, mverani wailesi pa zimene a zanyengo akunena za kumapiri, osati za ku chigwa kokha, ndipo muimbireni munthu wanu musanakwere. Pa mtsinje wosefukira pamakhala anyamata amene amawolotsa anthu pamsana kapena mowagwira dzanja, pa mtengo. Musawoloke. Bwererani mukagone, nsomba sizithawa.

Pakati pa Bangula ndi Chiromo madzi anadula njanji ndi msewu mu 1997, ndipo malo amene anthu amawolokera pa bwato kupita ku Makhanga amatchedwa Mtayamoyo. Dzinalo likuuzeni kanthu. Anthu amawoloka tsiku ndi tsiku n'kufika bwino, inenso ndawolokapo kambirimbiri, koma ndimayang'ana kaye. Bwato likadzaza anthu, njinga ndi matumba mpaka madzi kutsala pang'ono kufika pa milomo yake, ndimadikira lina, ngakhale ondiona aseke. Sindiwoloka madzulo, pamene mvuu zimayamba kuyenda, ndipo sindikwera mwadiya wa munthu mmodzi amene akuti andiwolotsa ndekha mwachangu. M'bwato khalani pansi, dzanja musaviike m'madzi, ndipo chikwama musachimangirire pathupi mwakuti simungachivule. Ku madoko a m'mbali mwa dambo la Elephant Marsh, kumene nsomba zanu zambiri zimachokera, ng'ona si nthano. Kukatentha mudzalakalaka kutsuka miyendo m'mphepete mwa madzi. Tungani pa mjigo. Ena mwa amene ng'ona zimawagwira kawirikawiri ndi amayi ochapa ndi otunga madzi, pamalo amene amapitapo masiku onse, m'mamawa kapena chakumadzulo. M'madzi odekhawo mulinso likodzo.

Kutentha nakonso musakuderere. Mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, ndipo munthu wochokera ku Blantyre amayamba chizungulire asanazindikire kuti watha madzi m'thupi. Mkazi amene wakomoka pa siteji yachilendo sangadziteteze kwa aliyense. Gwirani ntchito m'mawa, masana khalani pamthunzi ngati eni dera, imwani madzi musanamve ludzu, ndipo nyamulani mapaketi a Thanzi ORS. Madzi akumwa akhale a pa mjigo, owiritsa kapena othira mankhwala. Kolera ya 2022 ndi 2023 inatiphunzitsa mokwanira. Gonani m'neti usiku uliwonse, ndipo mukabwerera kunyumba thupi likatentha, kayezetseni malungo tsiku lomwelo.

Mwandifunsanso chovala. Ndinene momveka: chovala sichigwirira munthu, wogwirira ndi munthu. Mu Januwale 2012 amayi anavulidwa m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha mathalauza, ndipo amayi anzathu anatuluka kukadzudzula khalidwe limenelo poyera. Pa Nchalo kapena pa boma la Nsanje thalauza si chachilendo. Komabe ine chitenje sindichisiya. Ndimachimanga ndikamalowa m'mudzi kapena kwa amfumu chifukwa ndi ulemu umene eni ake amauona msanga, chimanditeteza ku fumbi pa njinga, chimabisa kathumba ka ndalama, ndipo usiku ndi chofunda.

Amuna okuvutitsani mudzakumana nawo, monganso mumakumana nawo ku Limbe. Ambiri amathera pa mawu. Amene wafunsa kumene mukugona kapena ngati muli nokha, simukuyenera kumuuza zoona. Ine ndimati achimwene anga akundidikira pa siteji yakutsogolo. Zimandiwawa kuti mwamuna amalemekeza mwamuna mnzake amene sakumuona kuposa mkazi amene ali pamaso pake, koma pa msewu ndimagwiritsa ntchito chimene chimandifikitsa. Chakumwa chotsegula kale chochokera kwa munthu amene mwangodziwana naye m'galimoto musalandire. M'minibasi khalani pafupi ndi mayi mnzanu, ndipo anthu akamatsika n'kuona kuti mutsala nokha ndi dalaivala ndi kondakitala kukuda, tsikani nawo pamalo pamene pali anthu. Wina akakugwirani thupi, musanong'one. Tinaleredwa kuti mkazi sakweza mawu pagulu, ndipo anthu amenewa amadalira ulemu wathu womwewo. Nenani mokweza kuti, "Bambo inu, chotsani dzanja lanu," galimoto yonse imve. Lamulo lili mbali yanu: Gender Equality Act ya 2013 imati kuvutitsa munthu mokhudza zogonana ndi mlandu, ndipo chilango chake chimafika K1,000,000 ndi zaka 5 kundende.

Ndime iyi ndikanakonda ndisailembe, koma ndi bwino muidziwe musanaifune. Ngati munthu wakugwirirani, mlandu si wanu, ngakhale munayenda usiku, ngakhale munakwera njinga yake mwa kufuna kwanu. Pitani kuchipatala msanga, musanasambe kapena kuchapa zovala ngati mungathe. Mankhwala oteteza ku HIV, otchedwa PEP, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28. Mapiritsi oteteza mimba nawonso amagwira bwino akamwedwa msanga. Pa boma la Chikwawa ndi la Nsanje pali zipatala zazikulu za boma, pa Ngabu palinso chipatala, pa Nchalo pali cha mishoni cha Montfort, ndipo ku East Bank kuli cha Trinity ku Muona. Ku polisi funsani ofesi ya Victim Support Unit, ndipo pemphani mayi wina akuperekezeni. Nambala ya 5600 ndi yaulere, yothandiza ochitiridwa nkhanza. 116 ndi ya nkhani za ana. Zilembeni papepala lija.

Za amayi anu, musalimbane nawo. Apatseni ntchito. Alembereni papepala kumene mukupita, dzina ndi nambala ya mayi amene akukulandirani, malo amene mugone, ndi tsiku lobwerera. Ngati n'kotheka, amayi anuwo alankhule okha pa foni ndi mayi wa ku Bangula uja musananyamuke. Akuluakulu awiri akapatsana mwana, wolandirayo samutenganso ngati kasitomala. Mupangane nthawi zoimba: mukafika pa Thabwa, mukatsika pa Bangula, ndi mukatseka chitseko usiku. Muwauzenso kuti kumadoko ndi m'midzi ina netiweki imavuta, kuti foni ikapanda kupezeka masana asayambe kulira, koma ikafika 6 koloko madzulo musanaimbe, ayambe kuimbira mayi uja.